Nyanga za Amalume ku South B

Thabwa lake linali lofiirira, losalala ngati tsaya la khanda, losemedwa ngati chishango: kumtunda kotambalala, kunsi kosongoka. Pathabwapo panamera nyanga ziwiri. Ndati kumera, ee, kumera, chifukwa sizinali nyanga zimene tinazolowera ife, za ng'ombe kapena za tonde, zongokhota n'kukathera pamodzi. Izi zinali ndi mphanda, mphandazo n'kubalanso timphanda, ngati nthambi za mtengo wouma. Lero ndine gogo, adzukulu amadzaza mkeka, mawondo amalira ndikamadzuka, koma ndikangotsinzina ndimaziona zili tambalala pakhoma, fungo la vanishi n'kubwera lokha m'mphuno. Ndiimbe za nyanga, anzanga, ndiimbe. Nyanga zimenezi n'zimene zinandivula yunifolomu.

Zinali m'ma 90 muja, ine ndisanathe msinkhu. Bambo anali atamwalira, amayi n'kutsala ndi ife ana piringupiringu kwathu ku Ntcheu. Amalume, achimwene awo a amayi, ankagwira ntchito ku Nairobi m'bungwe lina lalikulu la mayiko akunja, ndipo ndiwo anali mzati wathu. Malata a nyumba yathu anali awo. Sukulu ya azichimwene anga inali pamapewa pawo. Atabwera kudzapepesa maliro anandiyang'ana ine n'kunena kuti, “Achemwali, kamtsikanaka mundipatse, kakaphunzire.” Mawu amenewo ndinawavina! Ndinawavina kuchitsime, ndinawavina kudimba, ndinawavina mpaka ndowa inagwa pamutu.

Nairobi, mayi wanga iwe, Nairobi! Nyumba zoberekana, ina pamsana pa inzake. Maminibasi opakidwa zithunzi, amene kumeneko amati matatu, nyimbo zili gudugudu mpaka m'chiwindi. Ife tinkakhala ku South B, mumpanda wa geti ndi mlonda wake. Ine anandipatsa chipinda changachanga kuseri kwa khitchini, mmene munkakhalanso thumba la makala, tsache ndi ndowa. Zenera munalibe, koma matiresi analimo. Matiresi, ine! Ine amene ndinakulira pa mphasa imodzi ndi azing'ono anga, wina mwendo pakhosi panga, wina kundikodzera kumsana. Tsiku loyamba ndinagona chotambalala ngati chule, ndikumwetulira makala aja.

Sukulu inali yoyenda pansi. Yunifolomu ya buluu, masokosi oyera, nsapato zolira kwe kwe kwe. Aphunzitsi athu anali mayi wamtali wa magalasi, wa mawu ngati belu. Chiswahili ndinachitola msanga, monga ana amatolera chimfine, ndipo tsiku limene ndinawerenga ndekha mawu olembedwa kumbuyo kwa matatu ndinakuwa pamsewu, mayi wogulitsa masamba mpaka kundifunsa ngati ndalumidwa ndi kanthu. Sukulu ndinaikonda, anthu inu. Ndinaikonda ngati nyama ya pa Khirisimasi. Vuto linali tulo. Ndikangokhala pa desiki, dzuwa likangolowa pazenera, mutu uja gwa! Ndiye belu lija: “Wewe, amka!” Iwe, dzuka. Tsiku lina anandiimika pakhomo anzanga atatuluka n'kundiuza kuti, “Mutu uli nawo. Tuloti ukutitenga kuti?” Ine ndinangoseka. Sindinkadziwa kuti ndi funso lofuna yankho.

Ntchito inalipo, koma ndani kwathu amawerengera ntchito mwana wamkazi? Akazi a amalume, amene ndinkawatchula kuti anti, ankapitanso ku ofesi. Anali ndi kamnyamata koyamba kuyenda, ndipo nyengo imeneyo anabereka kena. Mtsikana wa ntchito amene ndinamupeza anachoka ine nditangofika kumene. Panthawiyo ndinangoti mwina walakalaka kwawo. Lero ndikamaganiza ndimangogwedeza mutu. Matewera anali anga. Mbale, pansi, phala la mwana, malaya a amalume, zonse zanga. Anti sanali munthu wankhanza, ayi, sindingawanamizire. Sanandimenyepo. Anali mtsikana wotopa, kutali ndi mayi awo, ndipo ine ndinali pafupi.

Koma chisanu cha ku Nairobi mukuchidziwa? Miyezi ya Juni ndi Julaye kumwamba kumakhala phulusa lokhalokha, dzuwa kutuluka mwaulesi ngati mkamwini wokwiya. Madzi a pampopi wa kuseri ankaluma ngati ali ndi mano. Ine kusanayere ndili kale pa beseni, sopo wa ufa ali thovu, matewera ali mulu. Manja anayamba kutuwa, kenako kulimba, kenako kung'ambika. Ming'alu m'zala, ming'alu m'chikhatho, ngati pansi pa dambo mwezi wa Okutobala. Ndikagwira pensulo ndinkaluma mlomo. Ndinkabisa manja m'manja mwa juzi, osati chifukwa cha chisoni, koma manyazi basi, kuti anzanga angandiseke.

M'chisanu chomwecho amalume anabwerako ku maphunziro a ntchito yawo, ku dziko lina lozizira la azungu. Anatsekula sutikesi pabalaza tonse tili bwalo. Anti analandira nsapato, ana tizipewa, ine chokoleti. Kenako anatulutsa mtolo wokulungidwa m'majuzi, akuugwira ngati khanda, n'kuumasula pang'onopang'ono.

Mayo ine! Ndinabwerera chambuyo mpaka kugunda kabati. Anti dzanja pakamwa.

Amalume akuseka, mano onse panja. Anati ndi nyanga za mbawala ya kumeneko. Anati sanaphe, sanagule, anachita kutola pansi m'nkhalango akuyenda ndi mnzawo, ina apa ina apo, pamasamba onyowa. Anati mbawala za kumeneko zimagwetsa nyanga zokha chaka ndi chaka, zina n'kumeranso zatsopano.

“Bambo a mwana,” anatero anti, “nyama yanji yothothoka nyanga ngati nkhuku nthenga? Zimenezo mukauze ana.”

Inenso mumtima ndinati amalume anama. Ng'ombe ya agogo inathyoka nyanga n'kufa ili ndi chitsa chomwecho. Kwathu nyanga imachoka pamutu nyama ikafa basi. Ndipo kwathu nyanga yosungidwa m'nyumba aliyense amadziwa ntchito yake: ndi mmene anthu oipa amaikamo mankhwala awo. Anti anachonderera kuti zikakhale mugalaja. Amalume anakana. Ubatizo wa khanda unali pafupi, Amalawi onse a mu Nairobi adzabwera kwathu, ndipo iwo ankafuna alendo adzaone nyumba ya munthu woyenda. Kumene anapitako, anati, nyumba iliyonse yaulemu ili ndi nyanga pakhoma.

Ine nkhaniyo inandisowetsa mtendere. Ndinapita kwa aphunzitsi ndi Chiswahili changa choduka miyendo, manja ndikuwaika pamutu kuonetsa mphanda. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Koma aphunzitsi sanaseke. Mawa lake anabwera ndi buku lalikulu la zithunzi za nyama, n'kutsekula penapake. Inali pomwepo! Mbawala ya khosi lalikulu, mtengo wathunthu pamutu. Patsidya pake yomweyo ili mbuu, mutu wopanda kanthu, nyanga zili pansi pa udzu. Kukamwa kwanga yasa. Ndiye kuti dziko ndi lalikulu chonchi, lili ndi nyama zovula nyanga ngati chipewa? Anandibwereka bukulo kuti ndikakhale nalo mpaka Lolemba la sabata inayo. Ndinalinyamula pachifuwa ngati Baibulo. Chaka chathachi mdzukulu wanga anandionetsa pa foni mbawala yotere ikupukusa mutu, nyanga n'kugwa pansi phu! Ndinalulutira mpaka nkhuku balala. Amalume anga sananame, Mulungu awagoneke pofewa, sananame.

Ntchito yopachika inachitika Loweruka. Thabwa anakadulitsa kwa kalipentala wa m'mbali mwa msewu, amene kumeneko amati fundi, koma zotsala zonse anati achita okha. Anavala kabudula ndi nsapato za ku ofesi. Anakwecha thabwa ndi sandipepala pakhonde la kuseri, fumbi lofiira lili m'nsidze, akuimba nyimbo ya kwaya. Kenako anabwereka makina oboolera kwa aneba. Popeza nyangazo zinali zogwa zokha, zopanda chigaza, iliyonse inayenera kubooledwa kutsinde kuti sikuluwu ichokere kumbuyo kwa thabwa n'kulowa m'fupa. Wogwira anafunika. Anti anakana ngakhale kuzikhudza.

“Mphwanga, tabwera. Gwira zolimba, usaope, sizikuluma.”

Ndinakhala pa thumba, nyanga pakati pa mawondo, manja onse awiri ndafumbata. Inali yolemera, yozizira, ya mizere ndi timibulu ngati khungwa. Makina aja atalira, iii, kunjenjemera kwake kunakwera m'mikono mpaka m'mano. Ufa woyera unatuluka, ndi fungo, fungo la tsitsi lopserera, fungo la mutu wa mbuzi akamauwawula. Pamenepo mng'alu wa pachala changa chachikulu unatseguka, magazi n'kutsetsereka kulowa m'mizere ya nyanga ija.

“Aa, pepa mphwanga, yakukanda?” Anapukuta nyangayo ndi kansanza, ine n'kunditumiza kukagula soda yanga ku kiyosiki. Manjawo sanawatembenuze kuti awaone. Anthu aamuna ena ali choncho: amaona nkhalango ya kutsidya la nyanja, osaona chikhatho chili pamphuno pawo. Magazi aja sanachoke onse. Anauma m'mizere, n'kukhala kamzere kakuda kunsi kwa nyanga ya kumanzere, vanishi n'kudzakatsekera momwemo.

Koyamba zinapendama. Nyanga ina inayang'ana kudenga, ina inaweramira pambali ngati khutu la galu womvetsera miseche. Anamasula, kuboolanso, kumanganso. Polumikizira anaphimbapo ndi kansalu kobiriwira kodula ku siketi yakale ya anti. Khoma nalo linali la simenti youma gwa, misomali ikungopindika, mpaka anaboolanso ndi makina. Malo anasankha pamwamba pa TV, pakati penipeni. Pamenepo pankakhala kathabwa ka mawu a Mulungu, kaja kamapezeka m'nyumba za Akhristu. Amalume anakachotsa n'kukakapachika cha kukhomo la khitchini. Sanaganize kanthu. Anangoona kuti pakati ndi pamene pakuoneka bwino. Kenako anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, n'kuti, “Eya! Tsopano ndi nyumba.” Inenso, kunena zoona, ndinanyada. Dzanja langa linali pamenepo.

Amayi anafika kutatsala pang'ono ubatizo. Anayenda pa basi kudzera ku Tanzania, mapazi atatupa ngati mikate, atanyamula ufa woyera, nyemba ndi chiponde. Ndinawathamangira pageti ndi kulira ndi kuseka pamodzi. Atalowa pabalaza anaima n'kuyang'ana kukhoma. Mtima wanga unali thi thi thi. Koma amayi anaseka. Ndikunena pamaso pa Mulungu, anaseka! Anayandikira, kuimirira ndi zala, n'kugogoda nyanga imodzi ndi chikhadabo.

“Achimwene, nyama yake munadya nokha? Ife mwatisungira nkhuni?”

Ichi muchisunge, anzanga, monga ine ndinachisungira osadziwa chochita nacho.

M'mawa mwake kusanayere ndili pa beseni langa, ndinamva kuti kumbuyo kwanga kwaima munthu. Anali amayi, atafunda chitenje. Sanandipatse moni. Anangoima, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Kenako anafunsa kumene ndimagona. Ndinawatengera kuchipinda changa monyadira, kuwaonetsa matiresi, kuwaonetsa buku la aphunzitsi lili pamwamba pa thumba la makala. Anayang'ana makala, anayang'ana khoma lopanda zenera. Anatenga manja anga awiri, kuwatembenuza uku, kuwatembenuza uko. Ine ndikulongolola za sukulu, za matatu, za chapati. Iwo anangoti, “Pita ukavale,” n'kukhala okha pa beseni paja kumaliza matewera.

Lamulungu litafika, tikuchokera kutchalitchi, nyumba inadzaza. Kunabwera mabwana a m'maofesi ndi akazi awo onunkhira, kunabwera anyamata a ku yunivesite ochokera ku Kahawa, aatali, anjala, ongoyang'ana kukhitchini. Chichewa chili wowowo, chosakaniza ndi Chingerezi ngati mpunga wa nyemba. Ine ndikuzungulira ndi thireyi ya masoda. Aliyense wolowa maso ankayamba agunda kukhoma. Mnyamata wina wa kofia, wanthabwala, anati, “Akuluakulu, kodi ku ofesi kwanu ayamba kugawa mfuti? Mutilembeko ntchito!” Anthu anaseka, amalume n'kuyamba nkhani yawo ya nkhalango ndi masamba onyowa.

Koma kumbali ya azimayi kunalibe kuseka. Panali mayi wina wachikulire, mtsogoleri wa mapemphero a Amalawi, amene anamukhazika pampando wa pansi pa nyanga. Anadzuka n'kusamukira pakona, chikwama atachikumbatira. Ndikudutsa ndi thireyi ndinkatola timawu. “M'nyumba mwa khanda.” “Mawu a Mulungu awathamangitsira kukhitchini.” “N'chifukwa chake amangokwezedwa pantchito.” Amalume atafika poti zimagwa zokha, mayi uja anayankha mokweza kuti iye wakula, waona ng'ombe, waona mbawala, waona ngoma, koma nyanga yogwa yokha sanaionepo, ndipo chinthu chikakhala ndi nkhani yokoma chonchi ndiye kuti nkhani yeniyeni ili pansi. Mnyamata wa kofia anati ndi zoona, iye anawerengapo. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

“Inu idyani mpunga, bambo. Izi si za m'kalasi.”

Kenako anayandikira khoma, magalasi kumphuno, n'kuloza ndi chala. “Nanga ichi? Awa si magazi awa?”

Anthu onse anatembenukira kukhoma. Ngakhale khanda linasiya kulira.

Pamenepo amayi anga anadzuka. Amayi anga ofatsa, amene sanakwezepo mawu pa anthu, amene tsiku lonse anangokhala pakona ndi duku lawo latsopano. Anamanga chitenje m'chiuno kolimba ngati akupita kumunda.

“Magazi awa ndi a ndani?”

Ine ndinali pakati pa balaza ndi thireyi. Ndinangoyankha monga mwana amayankhira mayi ake. “Ndi anga, amayi.”

Iii! Chimene chinatsatira sindidzaiwala mpaka m'manda. Amayi anaika manja kumutu n'kulira mokuwa ngati pa maliro. Mayi wa mapemphero anayamba kupemphera mofuula. Wina anagwetsa mbale. Ine ndikuyesa kunena kuti chinali chala, anali makina, palibe wondimva. Amalume nkhope inagwa. “Achemwali, ine? Ine ndingachite zimenezo kwa mwana wanu?”

“Sindikunena inu, achimwene. Inu ndinu munthu wabwino, dziko lonse likudziwa. Mwina anakupusitsani kumene munatolako. Koma mwana wanga sagonanso m'nyumba ya nyanga. Ndinyamuka naye.”

Thireyi inandipulumuka. Masoda phwaa! pansi.

Amalume anakwera pampando anthu onse akuona, ndi suti yawo ya ubatizo, n'kuzula thabwa lija pakhoma. Simenti inagwera pa TV. Anati azitaya lero lomwe, aziotcha, mwana asasiye sukulu chifukwa cha mafupa. Amayi anapukusa mutu. Anati chimene chalawa magazi a mwana chimamudziwa mwini wake, kuchotsa pakhoma si kuchotsa m'nyumba. Anati kuotcha ayi, utsi ungabwerere kwa khanda. Awapatse iwo, akaziponye mumtsinje waukulu wa m'njira, madzi apite nazo kutali.

Ine ndinathamangira kuchipinda n'kubwera ndi buku. Ndinagwada pamaso pawo, misozi ili chuchuchu, ndikutsekula patsamba lija. “Amayi taonani! Zimagwa zokha! Aphunzitsi anena! Taonani, amayi!” Amayi anga sankadziwa kuwerenga, koma chithunzi sichifuna sukulu. Anachiyang'ana. Ndikulumbira kuti anachiona bwinobwino. Kenako anatseka bukulo mofatsa n'kundibwezera.

“Chithunzi amajambula ndi munthu. Pita ukalongedze.”

Tsiku limenelo ndinadana nawo amayi anga. Ndinachita nawo manyazi pamaso pa anthu ophunzira aja. Mumtima ndinati umbuli ndi matenda, ndipo matendawo andilanda yunifolomu.

Aphunzitsi sindinawatsanzike. Buku anakabweza ndi amalume. Nsapato zolira kwe kwe ndinatenga, yunifolomu inatsala pa msomali m'chipinda cha makala. Tisananyamuke amayi anandidutsitsa ku Eastleigh, kumene kuli masitolo othithikana ndi ngolo zokankha, anthu akukuwa kuti tipatuke. Sanagule nsalu, sanagule nsapato zokagulitsa monga amachitira anzawo. Anagula botolo limodzi lalikulu la mafuta odzola, aja olimba ngati phula. Ndipo pageti, potsanzikana, anti anagwira dzanja la amayi ndi manja awiri, maso ali pansi, n'kunena chapansipansi kuti, “Pepani, alamu.” Amayi anayankha kuti, “Mukupepesa chiyani, alamu? Ndi nyanga.” Awiriwo anayang'anana kanthawi. Ine ndinaona, koma sindinamvetse kanthu.

Ulendo unali wautali. Nyanga zinali m'thumba la ufa lija, zokulungidwa m'chitenje, pansi pa mpando wathu, mphanda imodzi ikundibaya kakolo. Sindinawalankhule amayi. Koma basi ikangofika pa mlatho ndinkawagunda ndi chigongono, mwina akataya tibwerera. “Si uno.” Mlatho wina. “Uno ndi waung'ono.” Wina. “Pali anthu akuchapa, tingawapatse tsoka.” Pa Songwe, polowa kwathu, mumtima ndinati tsopano ndi pano. Amayi anasuzumira n'kuti madzi achepa. Basi ikangoima iwo ankatsekula botolo lija, kukoka manja anga mokakamiza, kupaka mafuta mng'alu uliwonse, n'kuwakulunga m'mpango. Ine nkhope ndatembenuzira kuzenera.

Tinafika ku Ntcheu nyanga zili nafe. Mawa lake m'mawa ndinamva kugogoda kukhitchini. Nditasuzumira, mayo ine, ndinaona amayi anga ataimirira pa mtondo wovundikira, mwala m'manja, akukhomera thabwa la amalume pa mtanda wa pamwamba pa khoma. Anatsika, n'kuligwedeza kuona ngati lalimba. Kenako anatenga lichero n'kulipachika pa mphanda ina. Chipande pa ina. Kansengwa ka mchere pa ina, pamwamba penipeni pa kamzere ka magazi anga.

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo.

Zinakhala pamenepo zaka ndi zaka, mwaye n'kuzidetsa bii, obwera kudzapala moto n'kumayesa ndi nthambi. Amalume sanasiye kutithandiza. Azichimwene anga anamaliza sukulu. Ana a anti anakula akubwera kwathu patchuthi, ndipo pamaliro a amalume amayi ndi anti analira atakumbatirana. Palibe tsiku limene amayi anawauzapo amalume ndi anti kuti, “Munamusandutsa mwana wanga wantchito.” Mawu amenewo akanatuluka pa ubatizo paja, pamaso pa alendo, akanagwetsa denga la anthu ambiri. Nyanga zinalibe m'bale, zinalibe mkazi woti achite manyazi. Akulu amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Amayi anga anaiviika Nairobi yense akuona, mpaka kulola kuti ophunzira awayese mbuli.

Sukulu ya kumudzi ndinapitako pang'ono, inali kutali, kenako kunabwera dimba, kenako banja. Kulemba kwanga ndi kuno mukukuonaku, kokwawa ngati nkhono. Nthawi zina ndimafunsa kuti ndikanatsala ndikanakhala ndani, mwina nesi, mwina mayi wa magalasi wa mawu ngati belu. Mwinanso wochapa matewera wogona m'kalasi mpaka kulephera. Sindidziwa. Ndimangoyang'ana manja angawa, osalala, amene alera ana ndi adzukulu, amene amaomba m'kwaya mpaka achinyamata kutopa, ndiye ndimaimba. Ndimaimba basi.

Koma m'mawa umenewo pakhomo la khitchini zonsezi ndinalibe. Ndinali kamtsikana kolusa, ka nsapato za ku Nairobi, kakuyang'ana lichero likugwedera pa nyanga.

“Amayi,” ndinatero, mawu oyamba chichokere ku South B, “kodi simukuziopa?”

Amayi anasasa fumbi pachitenje, n'kukhala pambali panga. Anatsekula botolo lija.

“Bweretsa manja.”

Ndinawapatsa, maso ali kukhoma, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angaiwale msanga chonchi chinthu chimene analirira pamaso pa anthu.